Nyambo ndi mbedza: zomwe ndaphunzira pa msika wa makina a magemu

Teremu ino, m'phunziro lathu la zamalonda, aphunzitsi anatiuza kuti aliyense asankhe msika umodzi n'kufotokoza momwe makampani amalimbiranamo. Anzanga ambiri anasankha nsomba, mpunga kapena kabaza, zomwe pano pa Salima timaziona tsiku ndi tsiku, koma ine ndinasankha msika wa makina osewerera magemu, ndipo ndivomere kuti poyamba ndinkangofuna chonamizira kuti ndizikatandala pa kachipinda kena ka pa Kamuzu Road komwe anyamata amasewera mpira pa PlayStation. Ndinkayesa kuti nkhani yonse yagona pa funso loti makina amphamvu ndi ati pakati pa a Sony ndi a Microsoft, poti ndi zomwe anyamatawo amatsutsana akamadikira padi.

Choyamba kundizunguza mutu chinali chakuti makampaniwa kawirikawiri amagulitsa makina pamtengo wosafika pa ndalama zomwe aononga powapanga, makamaka akangotuluka kumene. PlayStation 5 itafika pamsika mu November 2020 pamtengo wa madola 499, a Sony anavomera okha kuti mtengowo unali wopereŵera, ndipo pa mlandu wa Epic Games ndi Apple mu 2021, mkulu wina wa ku Microsoft anauza khoti kuti kampani yawo sinapezepo phindu pa kugulitsa makina a Xbox. Ndinasowa pogwira mpaka nditakumbukira malume anga, omwe ndi msodzi ku Senga Bay. Iwo sadandaula usipa womwe akoleka pa mbedza, chifukwa maso awo amakhala ali pa kampango. Makina ndi nyambo. Munthu akangogula, magemu ambiri azigula m'sitolo ya pa intaneti ya kampani yomweyo, yomwe imadula pafupifupi 30 pa 100 iliyonse, ndipo akafuna kusewera ndi anzake akutali amalipiranso mwezi ndi mwezi. A Microsoft anapitiriza njira imeneyi mu 2017 poyambitsa Game Pass, pomwe munthu sagula gemu koma amalipira ngati lendi ya nyumba.

A Nintendo amayenda njira yawoyawo. Switch yawo ya mu 2017 siifika pa mphamvu za anzake, komabe yagulidwa kwadzaoneni chifukwa magemu a Mario ndi Zelda sapezeka pa makina a makampani ena. A Sega, omwe analephera mpikisanowu, anasiya kupanga makina mu 2001.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake kunali phokoso pomwe a Microsoft analengeza mu January 2022 kuti akugula kampani ya Activision Blizzard, eni ake a Call of Duty, pamtengo wa madola pafupifupi 69 biliyoni. A Sony anaopa kuti gemuyo ichotsedwa pa PlayStation n'kukokera osewera ku Xbox. Bungwe loona za mpikisano ku United Kingdom linaletsa malondawo mu April 2023, pomwe la ku America linapita nawo kukhoti, ndipo anatheka mu October chaka chomwecho a Microsoft atalonjeza kuti Call of Duty izipezekabe pa PlayStation kwa zaka khumi komanso atapereka kwa a Ubisoft, kampani ina yopanga magemu, ufulu woyendetsa magemuwo kudzera pa intaneti. M'kalasi timaloweza ntchito za Competition and Fair Trading Commission ya kwathu kuno ngati zongokhozera mayeso, koma nkhani iyi inandionetsa zomwe bungwe lotere limachita likakhala ndi mano. Chomwe sindinagwirizane nacho ndi mawu oti kuphatikizana kwa makampani kumapindulira onse, pakuti patangotha miyezi itatu a Microsoft anachotsa ntchito anthu 1,900 m'nthambi yawo ya magemu.

Komabe phunziro lenileni ndinalipeza pa kachipinda kaja. Mwiniwake ali ndi makina awiri a PlayStation 4 omwe anagula kwa munthu wochokera ku Johannesburg, ma TV awiri, benchi ndi batire la sola lodikira magetsi akazima. Tsiku lina disiki ya mpira itakana kuwerenga, ndinamuona akuitulutsa, kuipumira mpweya, kuipukuta pang'onopang'ono ndi m'munsi mwa malaya n'kuibwezeramo, anyamata onse ali chete ngati ali pamaliro. Itayamba, ndinamufunsa kuti, "Achimwene, bwanji osagula makina atsopano aja opanda disiki, poti akuti ndi otsikirako mtengo?" Anandiyang'ana n'kuyankha kuti, "Mng'ono wanga, disiki iyi ndikaitopa ndisinthana ndi wa ku Nkhotakota. Nanga ya pa intanetiyo ndingasinthane ndi ndani?"

Yankho limeneli linandibweza ku mabuku. Xbox Series S ndi PlayStation 5 Digital Edition zilibe polowetsera disiki, ndipo magemu ena akuluakulu amaposa ma GB 100, zomwe kwa munthu wogula bandulo ya tsiku limodzi n'zosatheka. Mitengo yake ndi ya madola, pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Koma choposa zonsezi n'chakuti wogula gemu ya pa intaneti sagula katundu, amagula chilolezo chomwe mwiniwake akhoza kuthetsa. Izi zinachitikadi mu March 2024 pomwe a Ubisoft anazimitsa makompyuta oyendetsa The Crew, gemu ya magalimoto ya mu 2014, ndipo onse omwe anaigula, ngakhale a disiki, anatsala ndi chinthu chosaseweredwa. Osewera a ku Ulaya anayamba kusonkhanitsa masiginecha pansi pa dzina loti Stop Killing Games, kupempha malamulo oletsa mchitidwewu. Ine ndikuona kuti mkangano wa umwini umenewu ndi womwe ukutikhudza kwambiri kuno, chifukwa msika wathu wonse waima pa katundu wogwiritsidwapo kale ntchito, wotheka kugulitsidwanso, kubwerekedwa ndi kukonzedwa.

Nditapereka ntchitoyo, aphunzitsi anaibweza atalemba ndi cholembera chofiira m'mphepete kuti ndafotokoza bwino nyambo ndi mbedza, koma sindinanene kuti kasitomala wa Sony ndi ndani pa Kamuzu Road, pomwe mnyamata amalipira mwini kachipinda, mwini kachipinda anagula kwa wa ku Joni, ndipo palibe tambala yomwe imafika ku Tokyo, kwawo kwa a Sony. Andipatsa sabata ziwiri kuti ndikonze gawo limenelo. Loweruka ndibwererako, ndipo achimwene aja avomera kundionetsa kope lomwe amalembamo ndalama za tsiku ndi tsiku, bola ndifike m'maŵa anyamata asanadzaze benchi.