Zikomo Aphunzitsi, zithunzi za nyanja zija zakwera pakhoma

Chionetsero cha zojambula zanga chatsegulidwa dzulo madzulo, ndipo zithunzi zonse za zigoba za nkhono ndi nyanja zili pakhoma. Dzanja lamanja latupanso, thupi lonse likuphwanya, koma tulo sitibwera ndisanathokoze. Ambuye Mulungu, ulemu ndi wanu. Abale anga, za ngozi ija, opaleshoni ya pamkono ndi zitsulo zimene anandiika m'fupa mukuzidziwa kale, sindibwereza. Chimene ambiri simukudziwa n'chakuti adokotala atanena kuti zala zitenga nthawi kuti zigwirenso burashi, ndinalemba uthenga wouza eni malo a chionetsero kuti tingozisiya. Uthengawo sunapite chifukwa cha munthu mmodzi.

Aphunzitsi, ndikunena inu. Munandiphunzitsa kusakaniza utoto ndili kamtsikana, kenako tinatayana zaka zambiri. Sindinakuitaneni. Munangomva n'kubwera, pamsinkhu wanuwo, ndi mawondo anu ovutawo. Simunataye nthawi ndi kundipepesa. Munatsitsa chinsalu pachoimikira, n'kuchiyala pansi, n'kunena kuti, "Mwana wanga, zala zakana, koma phewa lilipo ndipo lamanzere lilipo. Thira."

Munandikumbutsa za Helen Frankenthaler, wojambula wa ku America. Mu 1952, ali ndi zaka 23, atangobwera kumene kugombe la Nova Scotia ku Canada, anayala pansi chinsalu chosapaka kanthu, n'kusungunula penti wa mafuta ndi turpentine, mankhwala osungunulira penti, mpaka kuchita madzimadzi, n'kumuthira kuti alowerere mu ulusi. Chithunzi chake chotchedwa Mountains and Sea chinabadwa choncho. Ife tinasankha penti wa acrylic wosungunula ndi madzi, chifukwa fungo la turpentine silinkagwirizana ndi mankhwala amene ndinkamwa. Inu munkagwira ngodya ziwiri za chinsalu, ine kachitini kudzanja lamanzere. Phthalo blue ndi utoto waukali, kadontho kamodzi kamalanda madzi onse. Mukakweza mbali yanu pang'ono, buluuyo ankayenderera, n'kuima, n'kubwerera, ndipo pamene waimapo pankauma kamzere koderako, kopyapyala, kofanana ndi kamene funde limasiya pamchenga likamabwerera. Kamzere kameneko palibe burashi ingakajambule. Ndikakhumudwa kuti mtundu watuwa, munkati tidikire kuche, chifukwa acrylic akauma amaderako: zomatira zake zimaoneka zoyera zikadali zonyowa, kenako zimaonekera m'kati ngati galasi. M'mawa mwake nyanja inkakhala yazama.

Ngozi isanachitike ndinkajambula zigoba mzere ndi mzere, ndendende mmene zilili. Ndi lamanzere sizikanatheka, ndipo ndinalira pamaso panu. Munatola chigoba chimodzi patebulo n'kundifumbatitsa. Munandionetsa kuti nkhono imamanga nyumba yake kukamwa kwa chigoba, osati pakati. Kachikopa kofewa ka m'mphepete mwa thupi lake kamaika calcium carbonate, chinthu chonga choko, pang'onopang'ono, mzere pamwamba pa mzere, ndipo utoto umaikidwa nthawi yomweyo. Choncho mawanga ndi mizere timaonayi ndi mbiri ya kakulidwe kake, kunsonga kuli ubwana wake, kukamwa kuli masiku ake omaliza. Chigoba chimakula chikuzungulira osasintha maonekedwe, ndipo pafupifupi mitundu 9 mwa 10 iliyonse imazungulira chakumanja. Kenako chala chanu chinaima pa kachipsera kopingasa, pamene nkhanu kapena mwala unabenthula m'mphepete. Nkhonoyo inamanganso, koma mizere inayambira pena, yosalumikizana ndi yakale. "Jambula zimenezi," munatero. "Chigoba chenichenicho anthu ali nacho kale."

Zithunzi zonse zinatuluka m'mawu amenewo. Chachikulu chija, chimene ambiri anaima nthawi yaitali patsogolo pake, ndi mizere yokhota yokhayokha, yofiirira ndi yoyera, imene imaduka pakati n'kuyambiranso motsetsereka. Mulibe nkhono, mulibe gombe. Bambo wina anandifunsa mwaulemu kuti nanga nyanja ili pati. Ndinawauza za Piet Mondrian, wojambula wa ku Netherlands, amene mu 1915 anajambula Pier and Ocean ndi timizere tating'ono toima ndi togona basi, koma ukayang'anitsitsa madzi amayamba kunyezimira. Ndinatchulanso Hilma af Klint wa ku Sweden, amene pofika 1907 anali atadzaza kale zithunzi zotalika kuposa mamita atatu ndi mizere yozungulira ya nkhono. Amene amati zojambula zotere ndi pothawira anthu olephera kujambula chinthu mmene chilili, ndimatsutsana nawo ndi mtima wonse. Ndajambulapo njira zonse ziwiri. Iyi ndi imene imafuna kuti uchidziwe chinthucho mpaka m'kati.

Koma Aphunzitsi, za kuyera kuja ndiye ndikusowa ponena. Ndinkafuna kuti utoto woyera uchokere m'zigoba zenizeni, monga gofun, utoto woyera wa ku Japan umene umapangidwa ndi zigoba za oyster (mtundu wa nkhono za m'nyanja) zimene zakhala panja zaka zambiri. Ntchito yake ndi ya manja awiri, ine ndinali ndi limodzi. Munasankha zigoba zosweka, zopanda chamoyo m'kati. Munaziviika m'madzi abwino, kutaya, kuviikanso, mpaka mchere wonse utatha, chifukwa mchere umakoka chinyezi ndipo penti akanadzamatuka. Ndiye munazisinja mutavala chotchinga kukamwa, mukupumira, kusefa, kusinjanso zotsalira. Manja anu anachita matuza, ndinawaona ngakhale munkawabisa m'thumba la epuloni. Titasinja za m'kati monyezimira muja, ufa wake unangoyera basi, mitundu yonse ija itathawa. Munandifotokozera kuti kunyezimirako si utoto ayi, ndi timagawo ta aragonite (mtundu wa calcium carbonate) tosanjikizana, kalikonse kopyapyala pafupifupi theka la micrometre (gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), timene timagawa kuwala. Ukatiphwanya, zatha. Choncho tinatsanzira nkhono yomwe: kupaka pinki wamadzimadzi, kudikira aume, wobiriwira pamwamba pake, kudikiranso, mpaka kuwala kunayamba kuchokera pansi. Kudikira konseko munadikira nane, masiku ena osalankhula kanthu, ine ndikulimbana ndi ululu.

Alipo ena. Amayi ondichititsa mafizo, amene simunandilole kugonja chala chachikulu chitakana kupinda, Mulungu akudalitseni. Achimwene anga, mafelemu onse munakhoma inu ndipo palibe ndi imodzi yomwe yopotoka. Eni malo, munasuntha tsiku osanyinyirika. Inu amene munkatumiza mauthenga usiku ndikasowa tulo, ndinkawerenga onse ngakhale sindinkatha kuyankha.

Anzanga ena a luso lomweli, amene tinkagawana utoto ndi maburashi kale, munati mubwera, ndipo ndinadikira. Dzulo ndinakuonani mukujambulitsa patsogolo pa chithunzi chachikulu chija. Ndinakulandirani ndi mtima woona, koma zinandiwawa, ndipo ndi bwino mudziwe. Pa nthawi ija sindinkafuna zambiri, kungonditsegulira botolo la penti kukanakwana.

Aphunzitsi, munakana kuti dzina lanu lilembedwe pakhoma, ndipo pano sindilitchula chifukwa munandiletsa. Dzulo munakhala pampando wakumbuyo, anthu akukudutsani osadziwa kuti kuyera konse akukusirirako kunadutsa m'manja mwanu. Ine ndikudziwa, ndipo Mulungu amene amaona zobisika akudziwa. Ndikupempha Iye akuchiritseni mawondo ndi msana umene munaupweteka powerama pansi paja, akupatseni zaka zina zambiri ndi maso akuthwa omwewo. Abale anga, mukamandipempherera muziwatchulanso mayi amenewa.

Amene simunafike, zithunzi zikhalapobe pakhoma, bwerani mudzaone. Chonde musakhudze zoyera zija, ufa wa zigoba umagwira litsiro la zala msanga. Amene mwagula, mupirire pang'ono, zina sizinapakidwe vanishi ndipo acrylic wochindikala amafuna kuumitsitsa kaye. Vanishiyo ndipaka ndekha, adokotala andilola kugwira burashi yaikulu. Aphunzitsi, sabata ino musabwere, mupume, ndapota nanu.