Tsiku limene Mngoni anaphika kalongonda

Pa mdadada wathu wa lendi ku Bangwe pali zitseko zisanu, ndipo chitseko chilichonse chili ndi boma lake. Loweruka masana tikakhala pa bawo, nkhani sichedwa kufika ku m'phika. Mkulu wa ku Karonga amati mpunga ndi Kilombero basi, wina uliwonsewu ndi wa nkhuku. Wa ku Mangochi akaona chambo pa msika wa Limbe amachiyang'ana m'maso nkunena kuti chafa kawiri, koyamba m'nyanja, kachiwiri pa galimoto. Mtonga wa ku Chintheche, amene amasita malaya ngakhale akupita kuchigayo, amati nsima ya chimanga ndi phala la odwala. Ine wa ku Ntcheu ndinkayankha ndi mbatatesi ya ku Tsangano, kabichi wa pa Lizulu, nyama yootcha ndi uwende, ndipo mawu anga ndi amene ankamveka kwambiri.

Tsiku lina wa ku Mangochi anati zolongolola zakwana, aliyense aziphika chakwawo Loweruka lake, enafe tiziweruza.

Wa ku Karonga anayamba ndi mbalagha, nthochi zosapsa zosendedwa bwino, zophikidwa pamodzi ndi nyama ya ng'ombe mpaka msuzi kukhuthala. Palibe anatsutsa. Mtonga anabwera ndi kondowole ndi usipa, ndipo anatikhazika pansi kuti tionerere. Kondowole sayamba ndi phala. Madzi amawira kaye, ufa wa chinangwa choviika umathiridwa wambiri nthawi imodzi, poto amamutsitsa pansi nkumupana ndi mapazi, kenako mthiko umagwiridwa ndi manja awiri. Anavundula thukuta lili kamukamu, tayi ataiponyera kumsana. Anatilangiza kuti tisatafune, tingomeza. Ndinatafuna dala, nsagwada zinatopa, ndipo ndinamupatsa mamalikisi ochepa.

Loweruka langa linagwa pakati pa mwezi. Uwende umafuna kuti pagwe mbuzi kapena ng'ombe, pamene m'thumba mwanga munali ndalama ya tomato ndi anyezi. Mayi akunyumba, omwe kwawo ndi ku Phalombe, anali atapita kumudzi kukatenga amayi awo ndipo ankafika madzulo a tsiku lomwelo. Kuseri kwa chitseko kunali kathumba ka kalongonda kamene kanabwera ulendo wapitawo. Pochoka anandiuza kuti, "Bambo a mwana, kathumba ako musakakhudze." Ine ndinamva kuti ndi kuumira.

Kalongonda ndinkamudziwa, kapena tinene kuti ndinkamuona. Kwathu alangizi ankalimbikitsa anthu kumubzala kuti abwezeretse chonde m'nthaka. Ndi m'bale wake wa chitedze, kungoti iyeyu sayabwa. Njere zake ndi zazikulu ndi zolimba, zooneka kuti ndi nyemba zimene zinadya bwino. Nzeru yanga inali yakuti ndiwaonetse anzanga kuti Mngoni amaphika chakwawo ndi cha kuchikamwini komwe.

Ndinatapa makapu anayi, kutsuka, kuthira m'poto wa malita asanu, nkuika pa mbaula cha m'ma 10 koloko. Theka la ola lisanathe madzi anada bii, ngati tiyi wa pamaliro amene waiwalika pamoto. Mtima wanga unasangalala. Ndinati nyemba zopatsa msuzi chonchi sindinazione, nchifukwa chake anthu a ku Phalombe amabisa. Madzi akaphwera ndinkangoonjezera ena pamwamba, osataya ngakhale dontho. Patatha maola atatu njere zinayamba kufewa. Ndinakazinga anyezi awiri ndi tomato anayi, kuthira kalongonda yense ndi madzi ake akudawo, mchere, ndi tsabola wa kambuzi kuti aphimbe kakuwawa kamene ndinkakamva kumapeto kwa lilime.

Pa mdadada pali munthu mmodzi amene akanandiletsa, mayi a pa chitseko chachisanu, a ku Thyolo. Koma iwo ndi a Seventh Day, ndipo Loweruka amachoka m'mawa nkubwera dzuwa litapendeka.

Tinadya cha m'ma 2 koloko ndi nsima ya ufa woyera. Wa ku Karonga anaonjezera mbale yachiwiri. Mtonga anati ndiwo zake nzosaoneka bwino koma anapukuta msuzi wonse ndi mbamu yomaliza. Wa ku Mangochi yekha ndi amene ananunkhiza, nalawa njere ziwiri, nati m'mimba mwake simuli bwino kuyambira dzulo. Mpaka lero amadzitama ndi bodza limeneli.

Tinabwerera pa bawo. Ola lisanakwane, wa ku Karonga anatapa nkhomo nkuyamba kuthira m'mabowo a mnzake, akuseka yekha. Titamufunsa anati bawo likuyenda. Ine ndinafuna kumuseka, koma nditadzutsa mutu ndinaona kuti chingwe choyanikapo zovala chili pawiri, ndipo mtima ukugunda m'makutu. Malovu anadzaza m'kamwa. Mtonga anamasula tayi, chinthu chimene sitinachionepo chikhalire pa mdadadawo, nafunsa mwaulemu ngati pali wina amene akumva kuti pansi papendekeka.

Chimbudzi pa mdadada wathu nchimodzi. Wa ku Karonga anafika koyamba nakhoma. Ine ndinagwira mpapaya. Mtonga anayesetsa kufika kuseri kwa nyumba moyenda mwaulemu, manja kumbuyo, koma zinamupeza panjira, ndipo nsapato zimene anazipolisha m'mawa ndi zimene zinalandira. Akuti pakati pa zonsezi ine ndinayamba kuimba nyimbo ya ngoma ndikuponda pansi ndi mwendo umodzi, dzanja lili pa mpapaya. Ndilibe umboni wotsutsa.

Mayi a ku Thyolo anatipeza tili choncho. Sanafunse zambiri. Analowa m'khitchini, kuvundukula poto, nkutuluka Baibulo lili kukhwapa.

"Achimwene, madzi munataya kangati?"

"Madzi ake ati?"

"Akudawo."

"Msuziwo?"

Anaika Baibulo pa mpando, manja onse pamutu. Kenako anauza wa ku Mangochi kuti athamange akaitane galimoto.

Adokotala amene anatilandira atamva dzina la ndiwo anavula magalasi. Anati m'njere za kalongonda muli mankhwala otchedwa L-dopa, omwewo amene amapatsa anthu odwala matenda onjenjemera a Parkinson, kungoti odwalawo amamwa moyezedwa, pamene ife tinadya ndi nsima. Akachuluka m'thupi amabweretsa nseru, kusanza, chizungulire, mutu, kuthamanga kwa mtima, ndipo ena amabalalika mutu nkumaona zinthu zomwe palibe. Moto wokha suwachotsa. Amatuluka posungunuka m'madzi, ndipo mbali ina ikakumana ndi mpweya imada, nchifukwa chake madzi amasanduka akuda. Ndiye kuti chimene ine ndinkachisamala kuti chisatayike ndi chimene chimafunika kutayidwa. Anatiuzanso kuti mu 1989 ku Nampula, ku Mozambique, anthu oposa 200 anasokonezeka mitu pa nthawi ya njala ndi chilala, chifukwa madzi anali osowa ndipo madzi ophikira kalongonda sankatayidwa. Wa ku Karonga, wa mbale ziwiri uja, anamuika diripi. Ine ndi Mtonga anatipatsa madzi a mchere ndi shuga nkutigoneka pa benchi kufikira maso atawongoka. Anatsindika kuti akanakhala ana, nkhani ikanakhala ina, ndipo munthu akadya wosapsa asamadikire kunyumba.

Titabwerera usiku tinapeza apongozi afika kale, akhala pa mphasa pakhonde, poto uja ali patsogolo pawo. Ndinakhala patali, pa njerwa, monga mwa ulemu wake. Sanandiyang'ane. Analankhula ndi mwana wawo, mokweza bwino kuti mdadada wonse umve.

"Apongozi angawa paja kwawo nkuti?"

"Ku Ntcheu, amayi."

"Angoni?"

"Eya."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anati agogo awo ankasimba kuti kalekale nkhondo ya Angoni itafika m'midzi ya Alhomwe, anthu anathawira kuphiri nkusiya miphika ya kalongonda wosapsa pamoto. Ankhondo aja, njala itawapweteka, anaika zishango pansi nkudya. Eni mudzi potsika anawapeza ali lambalamba, osatha ngakhale kunyamula nthungo. Nkhaniyi ndinali nditaimvapo kwa alamu anga pobwera ku Mulhako wa Alhomwe, umene umachitika ku Chonde mu Okutobala, ndipo ndinkaitenga kuti ndi zocheza za pa mowa.

"Koma akale aja," anatero apongozi, "anachita kuwatchera. Awa adziphikira okha."

Usiku womwewo anaviika makapu anayi ena mu ndowa yodzaza madzi, nalamula kuti m'mawa ine ndikhale pafupi. Makala anawakana, anati angathe thumba lonse, ndiye ndinakagula mitolo iwiri ya nkhuni nkuika mafuwa kuseri kwa nyumba.

M'mawa madzi oviikira anatayidwa. Njere zinalowa mu mphika waukulu, madzi kupitirira njere ndi chikhatho chathunthu, chifukwa madzi ochepa amakhuta msanga nkusiya kukoka poizoni. Zitawira pafupifupi ola limodzi anakhuthula, kuthira madzi ozizira, nkuyamba kusenda. Njere iliyonse imafinyidwa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, khungu limavuka, ndipo njereyo imagawika pawiri. Apa ndi pamene pagona ntchito. Njere yokhala ndi khungu lake imachedwa kutulutsa zoipazo, pamene yosenda ndi yogawika imazitulutsa mosavuta. Makapu anayi akafufuma ndi njere zambiri zedi, ndipo zala zanga zinada mpaka m'zikhadabo. Apongozi ankasenda zitatu ine ndikulimbana ndi imodzi.

Kuchoka apo ndi kutsuka, kuwiritsa, kutaya, kuthira madzi atsopano, kuwiritsanso. Madzi otayawo ankakathira m'dzenje kutali ndi ana ndi nkhuku. Nditafunsa kudzera mwa mayi akunyumba kuti timataya kangati, yankho linabwera lakuti sawerenga, amayang'ana madzi. Oyamba amakhala akuda, otsatira ofiirira, kenako otuwa, mpaka adzafike poti ukatunga ndi chikho ukuona pansi pake. Ngakhale apo anawiritsanso kamodzi. Moto unayaka kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 3 koloko masana, ndipo anati kumudzi ambiri amamugonekanso m'madzi oyera usiku wina nkudzamaliza mawa lake. Mchere umalowa kumapeto kwenikweni, m'madzi omaliza. Wotunga madzi onsewo pa mpopi wa pa mdadada ndinali ine, mutu ukadali waukulu, mayi a ku Thyolo akundiwerengera zidebe mokweza.

Wakupsa bwino amafewa mpaka kuphwanyika ndi chala, kuwawa kuja kulibe, ndipo amakhutitsa moti mbale imodzi imakufikitsa mawa. Apongozi anapakula mbale zinayi nkutuma mwana kuti akaitane anzanga.

Mtonga anatumiza uthenga kuti ali pa kusala kudya, ndiponso kuti nkhani ya nsapato tidzakambirana mwezi ukatha. Wa ku Mangochi anati m'mimba muja simunakhazikikebe. Wa ku Karonga anabwera, pulasitala ya diripi ikadali pa mkono, nakhala pansi, nalandira mbale ndi manja awiri, nathokoza. Kenako anaiika pambali, navula wotchi nkuiika pa bondo.

"Yambani inu, achimwene," anatero.

Ndinadya apongozi akundiyang'anira m'mbali. Iye anayang'ana wotchi, kundiyang'ana ine, kuyang'ananso wotchi. Pakati pake anandiuza kuti ndiimirire ndiyende mpaka pa mpapaya ndi kubwerera, kenako anandifunsa kuti zingwe zoyanikira zovala ndikuziona zingati. Ola litakwana anasamba m'manja nadya wake wozizira, ndipo atamaliza anafunsa apongozi ngati mu mphikamo mwatsalako.