Sabata yojambula mapu kwa Mlolo

Lolemba lonse linathera pa makina osindikizira. Kutsidya kwa Shire, kwa Mfumu Yaikulu Mlolo ku Nsanje, netiweki ndi yovuta, choncho tinasindikiza mapu a OpenStreetMap (mapu a pa intaneti omwe aliyense angajambulepo) pa mapepala kudzera pa webusaiti ya Field Papers. Nyumba zambiri zinalipo kale, poti anthu odzipereka a m'mayiko ena akhala akuzijambula poyang'ana zithunzi za satelayiti, makamaka chisefukireni madzi mu Januwale 2015. Koma satelayiti imangoona madenga.

Lachiwiri ndi Lachitatu tinakhala pamkeka ndi a komiti ya VCPC, yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi m'mudzi, anyakwawa ali pomwepo. Nkhani inali yosankha njira yothawira madzi ndi malo oti pakumbidwe mjigo watsopano. Pa pepala, njira yachidule yopita kumtunda inkaoneka yabwino, ndipo abambo anaivomera msanga. Amayi tinakhala nawo paokha madzulo, ndiye nkhani inatembenuka. Gogo wina analoza pomwe njirayo imadutsa khwawa nati, "Mwanangu, Ruo akakwiya amayambira apa. Wobereka mwana kumsana sawoloka." Anatenga cholembera chofiira n'kulemba njira ina yozungulira kumanda, yotalikirapo koma youma. Abambo atamva m'mawa mwake, anatsutsa pang'ono poti ndi kumanda, kenaka amfumu anagamula kuti amoyo ayambe apulumuka.

Ine mbali imeneyi ndimaiona kuti ndiyo ntchito yeniyeniyo. Kudina pa kompyuta aliyense angaphunzire.

Lachinayi achinyamata anayenda ndi mafoni okhala ndi KoboCollect, pulogalamu yolembera za kafukufuku, kulemba pamene pali mijigo, sukulu, matchalitchi ndi milatho, komanso mjigo uti umamira ndi uti wamchere.

Lachisanu ndinalowetsa zonsezi mu OpenStreetMap ndi pulogalamu ya JOSM, n'kukonza mapu aakulu mu pulogalamu ya QGIS. Mapulogalamuwa salipiritsa laisensi, ndiye wa ku khonsolo adzatha kuwatsegula ndi kuwakonza ife titachoka. Malire a minda ndi madimba sindinawaike pa intaneti ngakhale anthu anatisonyeza. OpenStreetMap amaona aliyense, ndipo mzere wolembedwa ndi mlendo ngati ine ungadzasanduke umboni pa mlandu wa malo. Amenewo atsala pa pepala, m'manja mwa amfumu.

Sabata yamawa tibwerera ndi mapu osindikiza kuti eni ake awatsutse asanapite ku komiti ya ADC, yoona za chitukuko m'dera la Mfumu Yaikulu. Akawavomera, ena tikapachika kusukulu komwe anthu amathawira.