Sabata imodzi ndi anthu ogwidwa mantha adzidzidzi

Lolemba m'mawa ndinalandira kalata yochokera kwa dokotala wa mtima. Inali ya bambo ena a zaka za m'ma 30 amene anathamangira nawo kuchipatala usiku akubanika, atagwira pachifuwa, akuuza akazi awo kuti basi, akupita. Anawaunika mtima ndi makina a ECG, anawatenga magazi, anayeza chithokomiro, zonse zinatuluka bwino. Dokotala analemba kuti inali panic attack, kutanthauza mantha aakulu adzidzidzi, n'kuwatumiza kwa ine wa uphungu.

Atangokhala pampando anati, "Andiuza kuti ndilibe vuto. Nanga chimene chinandigwira chija n'chiyani?" Anali atapsa mtima, ndipo ndinawamvetsa. Munthu amene wamva chifuwa chikumangika, manja akuchita dzanzi, thukuta lili kamukamu, ukamuuza kuti alibe vuto amamva ngati ukuti akunama. Sanali kunama. Chilichonse chimene anamva chinachitikadi m'thupi mwawo, ndipo ntchito yanga tsikulo inali kuwaonetsa kumene chinachokera.

Mu ubongo muli kachigawo kotchedwa amygdala kamene kamakhala tcheru kuyang'anira zoopsa. Kakaganiza kuti zavuta, thupi limatulutsa m'magazi timadzi totchedwa adrenaline, mtima umathamanga, magazi amathamangira kuminofu ikuluikulu kuti munthu athawe kapena amenyane ndi chomuopsezacho. Mpweya umakokedwa mofulumira, ndipo munthu akapuma mothamanga chonchi amataya mpweya wa carbon dioxide wambiri, n'chifukwa chake mutu umapepuka, zala ndi milomo zimachita dzanzi. Zonsezi n'zabwino ngati kutsogolo kuli chilombo. Vuto limabwera zikayamba munthu ali pabedi kapena pamzere, popanda choopsa chilichonse. Buku la DSM-5 la mu 2013, limene akatswiri ambiri a zamaganizo amagwiritsa ntchito, limatchula zizindikiro 13, ndipo zinayi zikabwera pamodzi mwadzidzidzi timati ndi panic attack. Kawirikawiri zimafika pachimake m'mphindi khumi kenako n'kuyamba kutsika. Nditawawerengera zizindikirozo, bambowo ankagwedeza mutu pafupifupi pa chilichonse. Pa "kuopa kuti mukufa" anangoti, "Eya, chimenechi."

Lachiwiri ndinatha tsiku lonse ndikulemba mafaelo ndi kukonza za odwala ena. Lachitatu kunabwera mtsikana amene takhala tikuonana kwa kanthawi. Iyeyu vuto lake linakula mpaka kufika pa panic disorder, pamene mantha amabwerezabwereza osayembekezereka, ndipo munthu amatha mwezi kapena kuposerapo akuda nkhawa kuti abweranso liti, n'kusintha moyo wake wonse pofuna kuwapewa. Anasiya kukwera basi. Mumsonkhano amakhala pafupi ndi chitseko. M'chikwama mwake simusowa botolo la madzi ndi mapiritsi amene sanamwepo n'kamodzi komwe, koma akawaiwala kunyumba amabwerera.

Tinatenga pepala n'kujambula mmene zimazungulirira. Mtima wagunda mwamphamvu pang'ono, mwina chifukwa chokwera masitepe. Iye wamva, n'kuganiza kuti wayamba kudwala mtima. Ganizolo lamuopseza, thupi latulutsa adrenaline wina, mtima wawonjeza liwiro, ndipo iye waona ngati umboni wapezeka. Katswiri wa ku Britain David Clark ndi amene anafotokoza zimenezi momveka mu 1986, kuti chimene chimasandutsa kugunda kwa mtima wamba kukhala mantha aakulu ndi tanthauzo loopsa limene munthu wapereka kwa zimene akumva m'thupi. Uphungu wa CBT (wosintha kaganizidwe ndi kachitidwe ka munthu) wothandiza pa vutoli unamangidwa kwambiri pa mfundo imeneyi.

Chovuta kumuuza chinali cha botolo ndi mapiritsi aja. Kwa iye ndi zimene zimamupulumutsa. Koma nthawi iliyonse imene wamwa madzi mantha n'kutha, ubongo wake umaphunzira kuti akanapanda madziwo akanakomoka, ndiye supeza mpata woona kuti manthawo akanatha okha. Sindinamulande chilichonse. Tinagwirizana kuti mawa lake tiyese thupi lake m'chipinda changa, chikwama chili panja.

Lachinayi ndilo tsiku limene ndimalikonda pa ntchito imeneyi, ngakhale odwala ambiri amabwera akunjenjemera. Timadzutsa dala zizindikiro zimene munthu amaziopa, kuti azimve ali pamalo otetezeka. Tisanayambe timayamba tatsimikiza ndi dokotala kuti alibe mphumu, matenda a mtima, khunyu, ndiponso kuti si woyembekezera. Ndinafunsa mtsikana uja chimene akuganiza kuti chichitika. Anati, "Ndikomoka, ndigwa pansi." Ndinalemba mawuwo pabolodi. Kenako tinaimirira tonse awiri n'kuyamba kupuma mofulumira ndi pakamwa kwa mphindi imodzi. Ndimachita nawo nthawi zonse, chifukwa si bwino kuuza munthu alowe pamene iwe ukuopa kuponda.

Pasanathe masekondi 30 anagwira mpando. Ndinamupempha ausiye ngati angathe. Anausiya, zala zikunjenjemera, maso ali pakhoma. Mphindi itakwana tinasiya, tonse mitu ikuzungulira. Ndinati, "Ukumva chiyani?" Anati manja achita dzanzi, miyendo yalemera, chipinda chikuoneka ngati chili kutali. Ndinamuuza kuti inenso ndikumva zomwezo, ndipo tingoima tione. Tinaima. Dzanzi linayamba kuchoka, iye ali chilili. Anayang'ana pabolodi paja n'kunena chapansipansi kuti, "Sindinagwe."

Pamenepa m'pamene ndinamuuza kuti munthu amakomoka magazi akatsika mphamvu, pamene mantha otere amakweza kuthamanga kwa magazi, n'chifukwa chake kukomoka pa panic attack sikuchitika kawirikawiri. Ndikanamuuza izi poyamba akanangovomera ndi pakamwa. Anthu ambiri anamuuza kale kuti sadzafa, amayi ake, anzake, madokotala, ndipo sizinasinthe kanthu, chifukwa mantha amenewa satha ndi kulimbikitsidwa. Thupi lenilenilo liyenera kudutsamo n'kuona kuti latuluka lamoyo, osati kamodzi kokha. Tinabwereza, kenako anapumira mu kapaipi kakang'ono komwera zakumwa atatsina mphuno, kuti amve kubanika. Kameneka kanamuvuta kuposa poyamba, ndipo tinaima kaye. Palibe chothamangira. Uphungu wotere nthawi zambiri umatenga maulendo pafupifupi khumi ndi awiri, ndipo ntchito yaikulu imachitika kunyumba pakati pa maulendowo.

Lachisanu ndinakambirana ndi dokotala wa zamaganizo za wodwala wina amene akufunika mankhwala kuwonjezera pa uphungu. Mankhwala a gulu la SSRI, monga sertraline, amathandiza anthu ambiri, koma amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ntchito, ndipo masiku oyamba nkhawa ikhoza kukwera. Wodwala akapanda kuuzidwa zimenezi amawasiya msanga. Za diazepam ndi anzake ndimasamala nazo kwambiri. Amaziziritsa msanga, koma thupi limawazolowera, ndipo amasanduka chinthu china chimene munthu sangachoke pakhomo popanda icho.

Masana a tsikulo kunabwera mayi ena amene amuna awo amadzidzimuka pakati pa usiku ndi mantha omwewa. Anati, "Ndimawauza kuti alimbe mtima, koma zimangoipiraipira. Nditani?" Ankaoneka otopa, ndipo anthu osamalira odwala otere timawaiwala kawirikawiri. Ndinawauza kuti asiye mawu akuti limbani mtima, chifukwa bambowo akulimba kale kuposa mmene tikuonera. Akhale nawo pafupi, alankhule pang'onopang'ono, awakumbutse kuti zinabwerapo n'kupita, ndipo atulutse nawo mpweya mosathamanga. Ndinawauzanso kuti ngati ululu wa pachifuwa wabwera mosiyana ndi masiku onse, kapena sukutha, asaganize kuti ndi mantha chabe, apite nawo kuchipatala. Anandifunsa ngati amuna awo angavomere kubwera. Ndinawapempha awafunse masana, zinthu zili phee, osati usiku mantha atangotha, ndipo ndinawasungira malo Lachiwiri likubwerali.