Makandulo olankhula a ku Chiputula

Chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130, aliyense wopanga makandulo mu Mzuzu ankayenda mothimbwidzika. Ine ndinkapangira kuseri kwa nyumba ya lendi ku Chiputula, ndipo kapangidwe kanga kanali kofatsa. Phula ndinkaliika m'poto wamng'ono, potoyo n'kumukhazika m'poto wamkulu wa madzi owira. Kuno kumtunda madzi amawira asanafike n'komwe madigiri 100, ndiye phulalo silingapse ngakhale utaliiwala n'kukaonera mpira. Pa kilo iliyonse ndimathira magalamu 100 a mankhwala otchedwa stearin kuti kandulo alimbe, ayere, komanso asakakamire m'chikombole. Zikombole zake ndi mapaipi a mawaya a magetsi a 20 mm, odula masentimita 20, opaka timafuta tophikira m'kati. Kandulo wa m'menemo amalemera magalamu 40 n'kanthu, moti kilo imabala makandulo 24 ukapanda kutaya.

Mu June, bambo wina wa holoselo m'tauni anati akufuna makandulo 1,000 pofika Loweruka. Ndinavomera asanamalize kulankhula. Masamu ake sanavute: makilo pafupifupi 42 a phula, kuwonjezerapo lotayika, ndiye makatoni awiri a makilo 25 kwa amalonda okaoda ku Tanzania, chingwe cha thonje mamita 250, poti kandulo aliyense amadya masentimita 25, mapaipi 200. Chovuta chinali poto, chifukwa wanga ankalowa makilo awiri okha.

"Bambo, bwanji osangogula mapoto ena awiri?" anatero mayi a kunyumba.

"Poto ndi wa nsima. Fakitale imaphikira mumgolo," ndinawayankha.

Ndinadulitsa mgolo pakati, kuukhazika pamafuwa m'kachisakasa ka malata akale, n'kusonkhezera nkhuni pansi pake, popanda madzi aja. Ndinaitananso mphwanga, mwana wa mlongo wanga, kuti adzakhale wantchito woyamba wa kampaniyo.

Mgolo uli ndi khalidwe lake. Phula la makandulo limasungunuka pa madigiri pafupifupi 60, ndipo lothira m'paipi ya pulasitiki lisapitirire 70 kwambiri, chifukwa cha m'ma 80 paipiyo imayamba kufewa. Koma pamoto wa nkhuni, la pansi limatentha kwadzaoneni pomwe zibuma za pamwamba zikuoneka zosasungunuka, ndipo iwe poona zibumazo umawonjeza nkhuni. Choyezera kutentha ndinalibe. Kale ndinkangodonthezera kaphula pachikhadabo, koma tsiku limeneli chikhadabo chinakana ntchito.

Pansi pa paipi iliyonse timatseka ndi chitsekerero cha botolo choboola ndi msomali. Chingwe chimadutsa pamenepo, kuchimanga mfundo, n'kumata bowolo ndi sopo wofewa kapena dongo. Pamwamba chimamangidwa pakamtengo kopingasa kuti chiime pakati. Mphwanga ataona kuti mabowo 200 atha sopo wa azakhali ake, anamata onse ndi madontho a phula. Pa phula lofunda la m'poto zimenezi zimatheka. Tinathithikiza mapaipi onse m'bokosi limodzi lamatabwa, ine n'kuyamba kuthira ndi ketulo.

Ndinathira paipi yoyamba mpaka kudzaza, yachiwiri, yachitatu. Nditafika kumapeto kwa mzere n'kucheuka, yoyamba ija inali gwa, mulibe kanthu. Ndinathiranso. Inamwanso.

"Amalume, mapaipiwa ali ndi ludzu," anatero mphwanga.

Phula lotentha linali litasungunula zomatira zonse. Linadzaza pansi pa bokosi, n'kutulukira m'mipata ya matabwa, n'kuyamba ulendo wolowera kukhonde la alandilodi, lija amalipaka polishi wofiira Loweruka lililonse. Nkhuku zawo zinabwera kudzaona ngati ndi chakudya. Zinaponda momwemo, ndipo kuzizira kwa Mzuzu kunachita mbali yake msangamsanga: tambala anatuluka atavala nsapato zoyera, akukweza mwendo uliwonse mpaka pachifuwa, pasimenti pakumveka kho, kho, kho. Anayesa kupalasa pansi, n'kutsetsereka chammbali mpaka kukaima pakhomo pa mwini wake.

Tili pakalikiliki ndi nkhuku, mgolo unayamba kufuka utsi woyera. Utsi umenewu ndi chenjezo lomaliza, chifukwa phula likayandikira madigiri 200 nthunzi yake imayaka ikangokumana ndi lawi. Mphwanga anathamangira ndowa ya madzi. Mayi a kunyumba anamugwira kolala ali m'malere: "Iwe! Ukufuna kuotcha Chiputula yense?" Madzi akagwera m'phula lotero amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kulimwaza lili moto. Iwo anangosolola nkhuni n'kuvundikira mgolo ndi lata, osandiyang'ana n'komwe.

Khonde tinalipala ndi mpeni wa tebulo, kenako kuyala nyuzipepala n'kusita ndi simbi ya makala kuti pepala limwe lotsalira. Alandilodi anakhala pampando kuonerera munthu wamkulu ndi ndevu zanga ndikusita simenti. Anangofunsa kamodzi: "Aphiri a fakitale, kodi nkhuku zanganso muzisita?" Bokosi lija linauma kukhala chibuma chimodzi chokhala ndi mapaipi 200 m'kati. Tinaswa ndi nkhwangwa, ndipo mapaipi a pakati, amene anakhalitsa m'kutentha, anatuluka atapindika ngati nthochi.

Tsiku lotsatira tinamata ndi sopo, ndipo phula tinalisiya lizizire lisanathiridwe. Apa m'pomwe kuchuluka kunationetsa mbali ina. Phula likamauma limanyala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo limayambira kunja, n'kusiya mphako motsatira chingwe. Mankhwala ake ndi kuboola pamwamba ndi sipoko ya njinga kakhungu kakangogwira, n'kuthiramo lina lotentherapo pang'ono. Ndi mapaipi 20 munthu mmodzi amakwanitsa. Ndi 200, ukamathira yomaliza, yoyamba yatseka kale pakamwa, mphako ili chibisalire m'kati. Mapaipi ozizira amalembanso mizere pathupi la kandulo, choncho amafunika kuwafunditsa pafupi ndi moto. Ndipo ukawathithikiza popanda mpata wa chala pakati, a m'mphepete amauma msanga pomwe a pakati amachedwa, n'kutuluka ndi mphako zazikulu. Zoyenera n'kuthira m'magulu a 30 kapena 40, wina akuthira, wina akuboola.

Tsikulo kunali kamvula ka mawawa, kaja sikanyowetsa munthu koma kamapeza bowo lililonse la msomali padenga. Bowo lina linali pamwamba penipeni pa mgolo, womwe tinausiya pululu. Madzi ndi olemera kuposa phula, amakakhala pansi phee, ndipo wodziwa ntchito amasiya masentimita awiri kapena atatu a pansi osatunga. Ife tinali titataya phula lambiri pakhonde, ndiye tinakokota mpaka chitsulo, mphwanga akutakasa ndi mthiko kuti pasatsale kanthu. Makandulo omalizawo anatuluka osalala, okongola kuposa onse.

Wa holoselo anasankha owongoka okhaokha, nandidula mtengo chifukwa sanakwane. Katoni ya omaliza aja ndinaikweza pa sacramento, njinga ya kabaza, n'kukagulitsa motchipa kwa mkulu wa mpingo wina wa ku Zolozolo, amene anali ndi mapemphero a usiku wonse Lachisanu, tsiku loti magetsi kulibe.

Zomwe zinachitika kumeneko ndinazimva kwa amayi oyandikana nafe amene analiko. Cha m'ma 11 koloko, abusa atangoyamba kudzudzula mizimu yoipa, kandulo wa paguwa anati thethethe, n'kulavula. Lawi likafika pakadontho ka madzi, kamawira n'kuphulika, basi. Koma wachiwiri anayankha pawindo, wachitatu kumbuyo kwa kwaya. Wina lawi lake linafika pamphako, chingwe chinagwera m'kati, anayaka mwamphamvu n'kuzima yekha popanda mphepo. Akuti amayi ena anatuluka atasiya nsapato, otsalawo anapemphera mpaka mawu kusasa, ndipo chopereka cha usiku umenewo sichinaonekepo chiyambire.

Lolemba m'mawa mkulu wa mpingo uja anafika pakhomo. Ndinayamba kuwerenga m'thumba ndalama zoti ndiwabwezere.

"Abusa akuti muwapangire makatoni awiri a olankhula aja," anatero.

"Pepani bambo, makandulo amenewo ndi olakwika, angathe kuotcha makatani. M'kati mwake munalowa madzi."

"Madzi a kuti?"

"A mvula. Denga likudontha."

Anachotsa chipewa, nayang'ana kumwamba, kenako ine.

"Ochokera kumwamba. Nanga mukutsutsa chiyani, achimwene?"