Lachitatu: kalata ya maloya yafika kwa mnzanga

Ndisanayatse n'komwe kompyuta m'mawa uno, mnzanga amene amalemba blog wanditumizira chithunzi cha kalata. Maloya a kampani ina akufuna vidiyo yonse imene anajambula, kuphatikizapo zimene sanaike pa intaneti, komanso dzina la munthu amene anamupatsa zikalata za m'kati mwa kampaniyo. Funso lake linali lalifupi: "Achimwene, ine sindili pa nyuzipepala iliyonse, chiphaso cha utolankhani ndilibe. Kodi lamulo likundidziwa?"

Ndamuuza kuti asafufute chilichonse, chifukwa kuwononga umboni nkhani itafika kale kwa maloya kungakhale mlandu wina pawokha. Ndamuuzanso kuti apeze loya lero lomwe. Kalata ya maloya si lamulo la khothi, ndipo ngakhale chisamani chenicheni munthu akhoza kuchitsutsa pamaso pa woweruza.

Masana ntchito yanga sinayende. Maganizo anali pa Josh Wolf, mnyamata wa ku San Francisco amene anajambula zionetsero mu 2005 n'kuika zina pa blog yake. Wapolisi anavulala pa zionetserozo, ndipo oimira boma pa milandu anafuna vidiyo yonse. Wolf anakana, anakhala m'ndende masiku 226, n'kutuluka mu 2007. Chimene chimandiwawa pa nkhani yake n'chakuti California, chigawo chimene muli mzinda wa San Francisco, ili ndi lamulo loteteza atolankhani, koma mlandu wake unali m'khothi la boma lalikulu la America, kumene lamulo lotere kulibe. Khothi lalikulu la dzikolo linagamula kale mu 1972, pa mlandu wa Branzburg, kuti mtolankhani sangakane kuchitira umboni pa kafukufuku wa milandu yaupandu pongodalira ufulu wa atolankhani. Oweruza 5 anavomera, 4 anakana. Bilu ya PRESS Act, yofuna kuteteza atolankhani m'makhothi a boma lalikulu, inadutsa m'nyumba imodzi ya malamulo mu 2024, koma ku nyumba inayo, ya Senate, inakakamira.

Pa funso la chiphaso, zinthu zikupendekera kwa ife olemba patokha. Mu 2006 kampani ya Apple inkafuna kudziwa amene anaulula za chipangizo chake chisanatuluke, koma khothi la apilo ku California linati olemba nkhani pa intaneti ndi otetezedwa mofanana ndi a nyuzipepala. Mu 2011 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inalemba kuti utolankhani ndi ntchito imene amagwira anthu osiyanasiyana, olemba ma blog ali momwemo. Ndikugwirizana nazo kwathunthu. Woweruza azifunsa zimene munthu ankachita pamene ankatola nkhaniyo, ngati ankafuna kudziwitsa anthu. Za amene amamulipira pakutha pa mwezi n'zosafunika, ndipo alipo a chiphaso ambiri amene ntchito yawo n'kungokopera zikalata za boma.

Koma kutchedwa mtolankhani sindiye kuti wapambana mlandu. Ku New Zealand mu 2014, khothi linavomereza kuti Cameron Slater, wolemba blog, ndi mtolankhani malinga ndi lamulo la umboni la 2006, kenako khothi lomwelo linamulamula kuti aulule amene anamupatsa zikalata. Linaona kuti nkhaniyo inali mkangano wa anthu pa bizinesi, yopanda phindu lenileni kwa anthu onse. Malamulo ambiri ndi otero, amaika zinthu pa sikelo. La ku Britain la 1981 limalola khothi kulamula kuti gwero la nkhani liululidwe ngati n'kofunika pa chilungamo, chitetezo cha dziko kapena kupewa upandu. Ndi mpata umenewu umene unachititsa kuti William Goodwin, amene ankaphunzira kumene ntchito ku magazini ya The Engineer, alipitsidwe mapaundi 5,000 atakana kutchula dzina. Anakapeza chilungamo mu 1996 ku khothi la ku Ulaya la ufulu wa anthu, limene linati popanda chitetezo chotere anthu adzaopa kuuza atolankhani zimene akudziwa. Ku Sweden ndiye anafika patali: mtolankhani akaulula munthu amene anapempha kuti asatchulidwe, wolakwira lamulo ndi mtolankhaniyo.

Goodwin analimbana ndi mlanduwo kwa zaka zambiri. Wolemba blog amene ali yekha, wopanda mkonzi kapena loya wa kampani, nthawi zambiri amagonja pa kalata yoyamba, woweruza asanaione n'komwe, ndipo olemba makalata otere amadziwa zimenezo.

Madzulo ndinayang'ana mbali imene imandidetsa nkhawa kwambiri. Pa mlandu wa Apple uja, chisamani chinapita kwa kampani yosunga maimelo, osati kwa wolemba nkhani. Iwe ukhoza kukhala chete mpaka kundende, pamene mndandanda wa manambala amene unawaimbira uli kwa kampani ya foni, ndipo maimelo ako ali pa seva ya anthu ena amene sanalonjeze gwero lako chilichonse. Ndatsegula mgwirizano wa kampani imene imasunga blog yanga kuti ndione ngati imadziwitsa mwini wake chisamani chikafika kwa iwo. Ndi masamba ambiri a zilembo zing'onozing'ono, maso atopa, ndipitiriza mawa.