Zikomo inu amene munathandiza mtsikana wathu pabwalo

Mtsikana wathu wa liwiro la mamita 100 atagwa pa mpikisano wopatsirana kamtengo, mnofu wakuseri kwa ntchafu utakokeka, inu amayi ogulitsa mafirizi munathamanga ndi madzi oundana. Munawakulunga m'chitenje chanu kuti asapse khungu, n'kumuika pamwendo mphindi 15. Abambo amene munaletsa anthu kumusisita, zikomo kwambiri. Kusisita mnofu wong'ambika tsiku loyamba kumawonjezera magazi otuluka mkati. Akabaza nanunso munamufikitsa kuchipatala n'kukana ndalama.

Kutupa kunaphwa msanga. Patatha masabata 6 anayambanso kuthamanga pang'onopang'ono, ndipo pano akuyesereranso kulandira kamtengo mkati mwa malo opatsirana, omwe ndi otalika mamita 30, osacheuka, dzanja lili kumbuyo, khutu lili kwa mnzake.